Fashion Sakala, Mlendo Wosewera Mpira

Kale amuna ambiri a ku Vubwi, Sinda ndi Katete anali kusiya midzi yao kukafuna ndalama za msonkho ndi za nsalu. Ena anapita ku migodi ya ku Kitwe ndi Luanshya, ena ku Harare, ena nafika ku Joni. Amene anakhalitsa osabweranso, dzina lao linali machona. Masiku ano kuli ulendo wina wonga womwewo, ndiwo wa anyamata olembedwa nchito yosewera mpira m'maiko a kutsidya kwa nyanja.

Mmodzi wa iwo ndiye Fashion Sakala, amene anabadwira ku Chipata pa 14 Marici 1997. Iye anayamba kudziwika m'timu ya Nchanga Rangers ku Chingola, ndipo mu 2016 analowa timu ya Zanaco ku Lusaka. Anali waliwiro lodabwitsa, kotero kuti mbiri yake inamveka kutali. Kumayambiriro kwa 2017 timu ya Spartak Moscow ya ku Russia inamlemba nchito. M'caka comweco iye ndi anzake, monga Patson Daka ndi Enock Mwepu, anatengera Zambia cikho ca Africa ca anyamata osapitirira zaka 20, atagonjetsa Senegal 2-0 mu Lusaka.

Koma ku Russia kunali kobvuta. Nyengo ya cisanu kumeneko madzi amauma nakhala ngati mwala, ndipo ngakhale zilembo za cinenero cao nzosiyana ndi za m'buku lino. Sakala anaikidwa m'timu yaciwiri ya Spartak, imene simachuka. Mu 2018 anasamukira ku Oostende, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku Belgium, nakhalako zaka zitatu.

Wosewera mpira sacoka pa nchito monga afunira. Amalemba pangano la zaka zowerengeka, ndipo timu ina ikamfuna pangano lisanathe, iyenera kulipira eni ake ndalama. Pangano la Sakala litatha mu 2021, timu yaikuru ya Rangers ya ku Glasgow, m'dziko la Scotland, inamtenga osalipira kanthu ku Oostende.

Pa 31 Okutobala caka cimeneco Sakala anagoletsa zigoli zitatu pamene Rangers inagonjetsa Motherwell 6-1. Pasanathe milungu iwiri, Steven Gerrard, mphunzitsi amene anamuitana, anacoka napita ku England. Pa zaka ziwiri zokha Sakala anagwira nchito pansi pa aphunzitsi atatu, ndipo mphunzitsi ali yense watsopano amabwera ndi maganizo ake pa za amene ayenera kulowa m'bwalo. Mlendo amayambanso kudzionetsa monga tsiku loyamba lija.

Tsiku lalikuru linali 18 Meyi 2022, mumzinda wa Seville ku Spain, pamene Rangers inalimbirana cikho ca Europa League ndi Eintracht Frankfurt ya ku Germany. Atafanana mphamvu 1-1, anaonjezera nthawi. Sakala analowa m'cigawo caciwiri ca masewero, koma nthawi yoonjezerayo isanathe anamturutsanso kuti alowe Aaron Ramsey, woyembekezeka kumenya bwino penate. Ramsey yemweyo ndiye anaphonya, ndipo cikho cinapita ku Germany. Sakala anaona zonsezi ali kunja kwa bwalo.

Nchito imeneyi iri ndi ndalama zambiri, komatu sikhalitsa. Ambiri amaleka asanafike zaka 40, ndipo ena msanga koposa: Enock Mwepu analeka mu 2022, ali ndi zaka 24, madokotala atapeza kuti mtima wake uli ndi nthenda. Cifukwa cace wosewera amapita kumene kuli pangano labwino mphamvu zikalipo. Mu 2023 Sakala anagulitsidwa ku timu ya Al-Fayha ya ku Saudi Arabia, dziko la cipululu ndi kutentha koopsa, kumene amalemba kuyambira kumanja kunka kumanzere.

Pali cinthu cimodzi cimene cimamsiyanitsa ndi machona akale aja. Malamulo a bungwe la FIFA amakakamiza timu iri yonse kumasula wosewera wake pa masiku oikika, dziko la kwao likamuitana. Motero mu Januwale 2024 Sakala anasiya Al-Fayha kwa kanthawi, nabvala malaya a Chipolopolo pa mpikisano wa maiko a Africa ku Ivory Coast.