Kusankha Pampu ya Njinga Kumayambira pa Valavu

M'mbandakuca uliwonse njinga zosenza matumba a makala ndi ndiwo zamasamba zimatsika mseu wa Great North kucokera ca ku Chibombo ndi Chisamba kupita ku Chazanga ndi makomboni ena a kumpoto kwa Lusaka. Tayala likaphwa pakati pa ulendo wotere, wamalonda amene alibe pampu amakankha katundu wake mtunda wautali, ndipo pofika pamsika amapeza ogula atagula kale kwa ena.

Koma si pampu iliyonse imene ingamuthandize, cifukwa mavalavu a macubu ali a mitundu itatu. Njinga zamphamvu za matayala a mainchesi 28, monga Eagle zija zinali kupangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata, nthawi zambiri zimakhala ndi valavu ya Dunlop. Njinga zambiri zamagiya zogulidwa pa salaula ziri ndi valavu yonenepa ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, pamene zampikisano ziri ndi yoonda ya Presta. Pampu ya Presta imagwiranso pa Dunlop, koma pa Schrader mpweya umangothawira m'mbali. Ncifukwa cake munthu wocenjera amapita ndi njinga yake kusitolo, kapena cubu cakale, nayesa pampuyo asanapereke ndalama.

Tumapampu tatifupi tapulasitiki timakopa maso cifukwa timalowa m'thumba la malaya. Komabe timakankha mpweya wocepa kwambiri, kotero kuti pofuna kulimbitsa tayala lonyamula matumba atatu a makala munthu amapopa mpaka mikono kulema. Pampu yaitali yacitsulo, imene imapacikidwa pa felemu, ndiyo yoyenera wapaulendo wa m'mudzi. Ikhale ndi kapaipi kofewa kolumikiza pa valavu, pakuti pampu yogwira valavu mwacindunji imaigwedeza popopa ndipo ingang'ambe cubu patsinde pake, malo amene cigamba sicigwira.

Mkati mwa pampu yotere muli kacikopa kozungulira kamene kamakankha mpweya. Fumbi la m'cilimwe likakaumitsa, pampu imaleka kugwira nchito, ndipo ambiri amaitaya namayesa kuti yafa. Kungomasula cotsekera ndi kudzoza kacikopako mafuta pang'ono kumaibwezera mphamvu. Mavalavu ambiri a Dunlop nawonso ali ndi kamphira kakang'ono mkati kamene kamatha msanga. Mphira wake ngwotsika mtengo, ndipo kuyenda ndi wapadera nkwanzeru.

Mpweya woyenera tayala umalembedwa m'mbali mwake. Tayala lofewa likagunda mwala kapena dzenje, limu imatsina cubu ndi kuboola tumabowo tiwiri toyandikana ngati poluma njoka, ndipo m'miseu yafumbi yolowera ku Chazanga maenje otere sasowa, makamaka mvula ikangoleka.