Intaneti Yalowa m'Nyumba: Musaiwale Kutseka Citseko

M'caka ca 1994, pamene ZAMNET inayamba nchito pa University of Zambia, intaneti inali ya anthu owerengeka. Lero Zamtel, MTN, Airtel ndi Liquid aigulitsa ku mabanja, ndipo Starlink inafika mu 2023.

Kulumikiza kompyuta ya pa tebulo si kobvuta. Kampani ipereka kabokosi kochedwa rauta. Popeza makompyuta ambiri otere alibe Wi-Fi, pafunika nthambo ya Ethernet: mbali imodzi ilowa ku rauta, inayo kumbuyo kwa kompyuta. Tinyale tikayaka, nchito yatheka.

Koma eni nyumba acenjere. Ngakhale mugwiritse nchito nthambo, rauta imwazabe Wi-Fi kufikira kubwalo, ndipo mau ace acinsinsi alembedwa pansi pace. Mlendo akawawerenga nauza anzace, bandulo ya mwezi wathunthu imene munagula ndi thukuta lanu idzatha m'masiku ocepa.

Cotero tsiku loyamba lomwelo tsegulani browser, lembani adiresi ya rauta, monga 192.168.1.1, ndipo muike mau atsopano, atali, osati dzina la mwana wanu. Mwini nyumba wanzeru sagona citseko ciri cotsegula.