Kodi Mumadziwa Kuti Mwana wa ku Chipata Anasewera Fainolo ya Europa League?

Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata m'chaka cha 1997, anasewera fainolo ya Europa League mumzinda wa Seville mu 2022, atavala jezi ya buluu ya timu ya Rangers ya ku Scotland.

Asanafike kumeneko anali atasewererapo Rangers ina, Nchanga Rangers ya ku Chingola. Kenako anadzera ku Zanaco, ku Russia ndi ku Belgium.

Dzina lake linamveka kwambiri mu 2017. Chaka chimenecho anali m'gulu la dziko lake la anyamata osapitirira zaka 20 a mphunzitsi Beston Chambeshi, amene anagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka n'kutenga chikho cha Africa.

Mu October 2021 anagoletsa yekha zigoli zitatu pamene Rangers ya ku Scotland inakwapula Motherwell 6-1.