Vanishi Akachita Mbuu Nyengo ya Chiperoni

Mu June chaka chatha ndinapaka vanishi tebulo la mkungudza limene malemu bambo anandisiyira. Kutacha ndinapeza layera mbuu ngati lawazidwa ufa. Mtima unandipweteka, chifukwa mkungudza watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje, ndipo lina lotere sindingalipezenso. Ndinayamba kuloza chala wogulitsa vanishi, chonsecho wolakwa ndinali ine. Ndinapaka tsiku la chiperoni.

Kuno kwathu, kuyambira May mpaka August, mphepo yochokera ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza. Matabwa amamwa chinyezi chimenechi, ndipo vanishi pouma amachitsekera m'kati. Kuyerako ndi madzi basi.

Musathamangire kupala zonse. Ikani chipangizocho pouma, podutsa mpweya, kwa masiku angapo. Nthawi zina kuyerako kumatha kokha. Kukakanika, kwechani mopepuka ndi sandipepa wosalala, wa nambala 320, motsatira mizere ya thabwa. Pukutani fumbi lonse, kenako pakani vanishi mopyapyala masana tsiku louma, koma pamthunzi. Langa linachira nditapaka kawiri, ndipo pakati ndinadikira tsiku lathunthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndikamayendera mabanja ndi ichi: kukazizira, ena amapakira m'nyumba, mawindo ali chitsekere, mbaula ili pambali. Mpweya wa vanishi umapweteketsa mutu, umadzutsa mphumu, ndiponso suchedwa kugwira moto. Pakirani pakhonde, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali, ndipo tebulolo lilowe m'nyumba fungo litatha.