Ngongole ya mlimi ku Mashonaland: chikole chili m'zokolola, osati m'munda

Mwezi wa Seputembala ukamafika, mlimi wa ku Banket kapena ku Glendale amakhala atadziwa kale mahekitala amene alime, koma ndalama za feteleza, mafuta a thirakitala ndi mankhwala amakhala asanazipeze. Dera la Mashonaland lili ndi nthaka yachonde ndi mvula yokhulupirika kuposa madera ambiri a Zimbabwe, ndipo gawo lalikulu la chimanga, fodya, soya ndi tirigu wa dzikolo limachokera kumeneko. Ife amene timachulukitsa mbewu ndi kuigulitsa tiyenera kudziwa kumene ndalama zolimira zimachokera, pakuti mlimi akasowa ngongole mbewu yathu imatsala m'sitolo, ndipo akalephera kubweza, chipsinjo chake chimafika mpaka kwa ife.

Chaka cha 2000 chisanafike, mwini famu yaikulu ankatenga chikalata cha umwini wa malo n'kupita nacho ku banki, kapena ku Agricultural Finance Corporation, bungwe la boma lobwereketsa alimi lomwe pambuyo pake linatchedwa Agribank, ndipo kuyambira 2021 likudziwika ndi dzina la AFC. Famuyo ndiyo inali chikole. Boma litagawa mafamu m'ndondomeko za A1 ndi A2, malowo anakhala a boma, monga momwe malamulo aakulu a dziko a 2013 akunenera. Mlimi watsopano anapatsidwa kalata yomuloleza kulima, ena lizi ya zaka 99. Mabanki sanazilandire zikalatazi ngati chikole, ndipo chifukwa chawo n'chomveka: munda umene sungagulitsidwe momasuka mwini ngongole akalephera kubweza, sungateteze ndalama za wobwereketsa. Kumapeto kwa 2024 boma linayamba kupereka zikalata zatsopano za umwini, koma alimi ambiri adakalimabe pa zikalata zakale zija.

Vuto lachiwiri ndi ndalama yeniyeniyo. Mu 2019 lamulo linasandutsa ngongole za madola a ku America kukhala za ndalama ya m'dzikomo, dola imodzi pa imodzi, ndipo mu Januwale 2020 khoti lalikulu la apilo linavomereza zimenezi pa mlandu wa Zambezi Gas. Amene anabwereketsa madola anabwezeredwa ndalama yomwe inali itagwa kale mphamvu. Mu Meyi 2022 boma linaimitsa mabanki kubwereketsa kwa masiku angapo, ndipo mwezi wotsatira banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 200 peresenti. Ndalama ya ZiG inabwera mu Epulo 2024. Pofika Seputembala chaka chomwecho inagwetsedwa tsiku limodzi kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa 24 pa dola. Wobwereketsa amene anaona zonsezi amakonda ngongole ya madola, ya miyezi yowerengeka. Imeneyi ingagule feteleza, koma siingamange damu kapena kugula makina a mthirira, amene amabweza ndalama zake patapita zaka.

Popeza munda sutha kuima ngati chikole, ngongole inasamukira ku zokolola ndi kwa wozigula. Fodya ndiye anatsogola. Ulimi wa kontrakiti unaloledwa mu 2004, ndipo lero fodya woposa 90 peresenti amalimidwa motero. Kampani yogula fodya imabwereka ndalama, nthawi zambiri kunja kwa dziko, n'kupatsa mlimi feteleza, mankhwala ndi ndalama zolipira antchito. Fodya akagulitsidwa, imayamba yadula zake, mlimi n'kulandira zotsala. Mlimi wa ku Karoi kapena Mvurwi sapempha banki chilichonse, komabe ali pa ngongole, ndipo chiwongoladzanja chake chimabisala mu mtengo wa zipangizo umene kampani yalemba. N'chifukwa chake tikulangiza kuti mtengo wa thumba lililonse la pa kontrakiti uziyerekezedwa ndi wa m'sitolo musanasaine.

Wochulukitsa mbewu ali pabwino kuposa alimi ambiri pa dongosolo limeneli. Mwambo wake ndi wakale: Seed Co inayamba mu 1940 ngati bungwe la alimi a mbewu ya chimanga, ndipo chimanga cha SR52 chinatuluka mu 1960. Kampani imapereka mbewu ya makolo, imayendera munda, imaona ngati watalikirana mokwanira ndi chimanga china ndiponso ngati ngayaye zachotsedwa pa nthawi yake, kenako imagula zonse zimene zapambana mayeso. Wogula ndi wodziwika, mtengo ndi wolembedwa, ndipo kontrakiti yotere banki imaimvera, makamaka ngati malipiro adzadutsa mu akaunti ya ku banki yomweyo. Komabe pali msampha wa nthawi. Mbewu imakololedwa m'nyengo yozizira, iumitsidwe, isankhidwe, iyesedwe kameredwe, ndipo imagulitsidwa mvula ikayandikira. Boma, lomwe limagula mbewu yambiri yogawira alimi ang'onoang'ono pa ndondomeko ya Pfumvudza, kawirikawiri limachedwa kulipira makampani. Ngati tsiku lobweza ngongole ya ku banki lifika malipiro a mbewu asanatuluke, mlimi amene analima bwino amapezeka akulipira chilango. Masiku awiriwa ayenera kugwirizanitsidwa pa tsiku losaina, osati pokolola. Ndipo munda ukakanidwa chifukwa cha mungu wa chimanga cha mnansi, mbewuyo imagulidwa pa mtengo wa chimanga wamba pamene ngongole ili chiimire.

Boma nalo linayesa kudzaza mpata umene mabanki anasiya. Command Agriculture inayamba mu 2016: mlimi ankalandira zipangizo n'kulonjeza kupereka matani asanu pa hekitala ku Grain Marketing Board. Ambiri sanabweze, ndipo katunduyo anagwera thumba la boma. Pambuyo pake ngongolezi zinayamba kudutsa m'mabanki monga CBZ ndi AFC, boma likuimira ngati mboni yolipira. Ogulitsa zipangizo amadziwa bwino mbali ina ya nkhaniyi, pamene feteleza wa ngongole amatulukira pa msika motchipa n'kuwalanda makasitomala.

Misika ya ndalama imafika kwa mlimi mozungulira. Mabanki ndi bungwe la Agricultural Marketing Authority amagulitsa zikalata za ngongole kwa osunga ndalama za penshoni ndi inshulansi, ndipo ndalamazo ndizo zimagula zokolola kapena kubwereketsedwa kwa alimi. Pali njira ziwiri zatsopano zimene tikuona kuti n'zothandiza kwambiri. Kuyambira 2022 banki yaikulu ili ndi kaundula wa zikole zosunthika, momwe thirakitala, ng'ombe kapena zokolola zingalembedwe ngati chikole. Msika wa Zimbabwe Mercantile Exchange, womwe unatsegulidwa mu 2021, umalola mlimi kusunga chimanga kapena soya m'nkhokwe yovomerezeka n'kulandira lisiti yoti angabwerekere ndalama, m'malo mogulitsa pa mtengo wotsika wa nthawi yokolola. Owerenga a ku Malawi akuidziwa njira imeneyi kudzera ku ACE ya ku Lilongwe.

Wotsala pa mapeto a mzerewu ndi wogulitsa zipangizo wa ku Chinhoyi, Bindura kapena Marondera, amene amasanduka wobwereketsa asanafune. Kampani imamupatsa mbewu kuti adzalipire akagulitsa, iye n'kupatsako mlimi amene amamudziwa kuti adzalipire akakolola. Chilala cha 2023/24, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko mu Epulo 2024, chinaonetsa kuti ngongole zotere zimagwa zonse pamodzi, chifukwa makasitomala onse amadalira mvula imodzi. Wogulitsa azilemba ngongole ya mlimi mu ndalama yomweyo imene kampani idzamufunse, azifufuza m'kaundula ngati thirakitala yomwe akulonjezedwa siinaperekedwe kale kwa wina, ndipo asanalandire katundu azimvana ndi kampani za tsiku lomaliza lobwezera matumba osagulidwa komanso za amene adzalipire kuyesanso kameredwe ka mbewu yogonera chaka.