MASAMU OLEKANITSA ZIFUKWA ZA ZOKOLOLA

ALIMI awiri oyandikana minda angathire matumba olingana a fataleza, koma pa nthawi yokolola wina adzaza nkhokwe pamene mnzake apata zocepa. Anthu akafunsidwa cifukwa cake, wina achula mvula, wina mbeu, wina kucedwa kubzala, ndipo onsewo amanena zoona, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Cobvuta ndico kudziwa kuti cinthu ciriconse cathandiza motani pacokha. Akatswiri a masamu ali ndi njira yoyankhira funso limeneli, imene m'Cingerezi amaicha multiple regression, ndipo masiku ano amaiwerengera pa kompyuta.

Nchito imayamba ndi kulemba mbiri ya minda yambiri. Munda uliwonse upatsidwa mzere wakewake, ndipo pa mzerewo alembapo mamilimita a mvula imene inagwa, makilogalamu a fataleza, tsiku lobzala, kangati mwini wake anapalira, ndi matumba amene anakolola pa hekitala. Kompyuta imafunira cinthu ciriconse nambala yake, kotero kuti pocurukitsa ndi kuphatikiza zonse, yankho lifike pafupi ndi zokolola zenizeni. Pa munda uliwonse yankholo limaphonya pang'ono. Makinawo amatenga kuphonyako, nakucurukitsa ndi iko komwe, naphatikiza kwa minda yonse, kenaka nasankha manambala amene acepetsa ciwerengeroco koposa ena onse. Njira yosankhira imeneyi inasindikizidwa ndi Adrien-Marie Legendre wa ku France mu 1805.

Phindu lake liri pa tanthauzo la manambalawo. Nambala ya fataleza imasonyeza m'mene zokolola zimasinthira thumba limodzi likaonjezedwa, pamene mvula, mbeu ndi tsiku lobzala ziri cimodzimodzi. Mau otsirizawa ndi ofunika kwambiri. Kawirikawiri mlimi wokhoza kugula fataleza wambiri ndiye amene alinso ndi ng'ombe zolimira, mbeu yabwino ndi ndalama zolembera aganyu, motero amabzala ndi mvula yoyamba napalira msanga. Munthu akayang'ana fataleza yekha, amampatsa ulemu umene uli wa ng'ombe ndi khasu. Mlimi wosauka amene atenga ngongole poyembekeza matumba onga a mnansi wake angatsale ndi ngongoleyo, popeza iye anabzala mocedwa.

Masamu otere analowa mwamphamvu m'zaulimi pa malo ofufuzira a Rothamsted ku England. Kumeneko John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba mu 1843 kubzala tirigu caka ndi caka m'munda wochedwa Broadbalk, namathira manyowa ndi fataleza wosiyanasiyana m'zigawo zake. Mu 1919 katswiri wa masamu Ronald Fisher analembedwa nchito kuti asanthule mabuku amene anaunjikana. Iye anayerekeza mvula ya nyengo zosiyanasiyana za caka ndi zokolola za zaka pafupifupi 60, napeza kuti mvula yopitirira muyezo, makamaka ya m'nyengo yozizira, inali kucepetsa tirigu m'zigawo zambiri za mundawo. Anawerenga zonsezi ndi makina a pa tebulo ochedwa Millionaire, ndipo inali nchito yolemetsa ndi yotenga nthawi.

Lero kuwerengera kotereku kumatha m'kamphindi. Pulogalamu ya SPSS inaturuka mu 1968, ya Genstat inakulira ku Rothamsted komweko motsogoleredwa ndi John Nelder, ndipo ya R, imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayambitsa pa University of Auckland ku New Zealand, imapezeka kwaulere. Wofufuza amangouza pulogalamu cimene afuna kulosera ndi zinthu zimene aganiza kuti zimacisintha, ndipo manambala aturuka pamodzi ndi cizindikiro cosonyeza kukhulupirika kwa nambala iriyonse.

Komabe makina sadziwa munda. Cinthu cofunika cikaiwalika pa mndandanda, mphamvu yake imakankhiridwa pa zinthu zina. M'zigawo za mvula yambiri monga Luapula ndi Northern, nthaka yambiri ndi ya asidi, ndipo fataleza sagwira bwino nchito popanda laimu. Wofufuza wosalemba mtundu wa nthaka adzapeza nambala ya fataleza imene siikwanira mlimi wa ku Mansa ngakhale wa ku Katete. Ndiponso zinthu ziwiri zikamayenda pamodzi m'minda yonse, monga mbeu ya haibulidi ndi fataleza, makina amalephera kuzigawira mbali zao molongosoka. Masamu ocokera m'zaka za mvula yabwino sangathenso kunena za caka ca cilala conga ca 2023/24, cimene Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February 2024, pakuti popanda cinyontho fataleza sapindula kanthu.

Apa ndi pamene mlimi wa kumudzi ali ndi mbali yake. Caka ciriconse Unduna wa Zaulimi pamodzi ndi bungwe la Zambia Statistics Agency amatuma anthu m'midzi kukafunsa za kukula kwa minda, mbeu, fataleza ndi zokolola zoyembekezeka, pa kafukufuku wochedwa Crop Forecast Survey. Ofufuza amagwiritsa nchito mayankho amenewa pofuna kudziwa phindu lenileni la fataleza m'madera osiyanasiyana. Mlimi akacepetsa matumba ake poganiza kuti adzalandira thandizo, kapena akakuza munda wake pofuna ulemu, bodzalo limalowa m'masamu, ndipo limadzabwerera kumudzi komweko monga malangizo olakwika. Yankho loona ndilo mbeu yoyamba ya uphungu wabwino wa alangizi.