Wapampando ndi Membala Wolemedwa Mtima

Anzanga alimi, m'buku lino taphunzira kufesa nazale, kuthira fetereza ndi kulemba mawerengero a ngongole. Lero tikambe za munthu amene amagwira khasulo. Munthu akatopa thupi, amagona n'kudzuka ali bwino. Koma akalemedwa mtima ndi nkhawa, tulo sitibwera. Ntchito imaonongeka, m'nyumba mumalowa mkangano, ndipo koperativa nayo imabwerera m'mbuyo.

Nkhawa imachokera kuti?

Kuno ku Chidzolomondo, ndi m'boma lonse la Macanga, mabanja ambiri amadalira fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imapereka mbewu ndi fetereza pa ngongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa pa nthawi yogulitsa. Ntchito ya fodya ndi yaitali. Nazale timayamba dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa timaokera. Kenaka kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Ndalama timadzaziona patali.

Miyezi yowawitsa ndi Januwale ndi Febuluwale. Nkhokwe yapepuka. Sukulu ikutsegulidwa, ana akufuna makope. Malungo ali m'mudzi. Ntchito ya kumunda nayo yachuluka. Mlimi amayang'ana kumwamba, kuopa matalala. Amayang'ana m'kope, ngongole ili pomwepo.

Anzathu a ku Tsangano, amene amalima kachewere ndi tirigu, nawonso ali ndi zawo. Chiwawu chikagwa m'munda, kapena mtengo ukatsika pamsika, mtima umapita kutali.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019, anthu 15 pa 100 aliwonse a msinkhu wogwira ntchito anali ndi vuto la m'maganizo. Chaka chilichonse, masiku a ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chifukwa cha nkhawa ndi kukhumudwa. N'chifukwa chake mu Seputembala 2022 bungweli linalangiza kuti akuluakulu a ntchito aziphunzitsidwa kuthandiza antchito awo. Kwathu kuno akuluakulu a ntchitowo ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi kapitawo wa aganyu.

Wapampando aphunzire zinthu zisanu

Choyamba, aphunzire kuona. Membala amene ankafika m'mamawa, tsopano akuchedwa kapena kujomba. Amene ankaseka, tsopano wangoti duu. Wina akupsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Wina wayamba kumwa kachasu m'mawa. Tisafulumire kunena kuti ndi ulesi. Munthu sasintha popanda chifukwa.

Chachiwiri, aphunzire kufunsa. Asam'funse pamsonkhano anthu ali gwa. Am'tengere pambali, pansi pa mtengo, n'kunena kuti, "Achimwene, masiku ano sindikukuonani bwino. Chavuta n'chiyani?" Ngati ndi mayi, ndi bwino pakhale mayi mnzake wa m'komiti amene iye amam'khulupirira.

Chachitatu, aphunzire kumvetsera. Asam'dule mawu. Asanene kuti, "Mwamuna salira." Mawu amenewa atsekereza abambo ambiri pakamwa. Ndipo zimene wamvazo azisunge. Wapampando wa mkamwa mopepuka, mawa palibe amene adzam'fotokozere kanthu.

Chachinayi, aphunzire kukonza ntchito. Nkhawa yambiri imabadwira m'kayendetsedwe ka gulu lenilenilo. Mlembi aziwerenga ngongole ya membala aliyense momveka, kuti munthu adziwe chimene ali nacho. Ngongole yosadziwika kukula kwake imaopsa kuposa yodziwika. Membala akadwala kapena akaferedwa, gulu lim'limire tsiku limodzi kapena awiri, monga ankachitira makolo athu pa dima. Amayi amachoka kumunda n'kukatunga madzi, kutola nkhuni ndi kuphika. Msonkhano usawasunge mpaka mdima. Waganyu alipidwe pa tsiku limene munagwirizana. Kukalipira munthu pagulu kuthe.

Chachisanu, adziwe malire ake. Wapampando si dokotala. Munthu akakhala masabata awiri osagona bwino, osadya, osafuna kuona anthu, m'perekezeni kwa wazaumoyo wa m'mudzi, amene timam'tcha APE, kapena kuchipatala. Matenda a m'maganizo ali ndi chithandizo monga malungo.

Chenjezo lalikulu

Membala akanena kuti, "Bola ndingofa," musaseke ndipo musam'siye yekha. Khalani naye, itanani wachibale, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. A WHO anapeza kuti pa anthu asanu odzipha pa dziko lonse, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala ophera tizilombo m'munda. Mankhwala otere ife tili nawo m'nyumba. Choncho koperativa izisunga mankhwala onse m'bokosi lokhoma, ndipo kiyi akhale ndi anthu awiri odalirika. Maganizo oipa amabwera ngati mvula ya mkuntho, kenaka amapita. Botolo likakhala kutali, munthu amapulumuka.

Dziwaninso ichi. Munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amatha kumva chizungulire, nseru ndi mutu, mwina n'kusanza. Mphamvu ya fodya, yotchedwa nikotini, imalowa pakhungu. Kapitawo wosadziwa amati munthuyo akuzemba ntchito. Kapitawo wophunzira amam'pumitsa, n'kumuuza asambe ndi sopo ndi kusintha zovala. Dikirani masamba aume, valani zotchinga manja ndi thupi, ndipo ana asagwire ntchito imeneyi.

Nanga wapampando mwini?

Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Fetereza akachedwa, onse amaloza wapampando. Mtengo ukaipa, ndi iye yemwe. Pamene iyenso ali ndi munda wake ndi ngongole yake. Choncho komiti igawane ntchito. Mamembala, tiyeni nafenso tizim'funsa mtsogoleri wathu kuti wadzuka bwanji.

Maphunziro amenewa safuna ndalama zambiri. Pamsonkhano wotsatira, pemphani mlangizi wa zaulimi ndi wazaumoyo kuti akhale ndi komiti yanu tsiku limodzi, mvula isanayambe. Ndipo posankha atsogoleri, onani amene amadziwa kulemba ndi kuwerengera, komanso amene anthu amamasuka kum'fotokozera mavuto awo.

Mafunso okambirana

1. Ndi miyezi iti imene nkhawa imachuluka m'koperativa yanu? Chifukwa chiyani?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za munthu wolemedwa mtima.
3. Kodi mankhwala a m'munda mumasunga pati? Kiyi ali ndi yani?
4. Lembani m'kope mwanu mawu amene mungayambe nawo pofunsa mnzanu wa nkhawa.